Kufupikitsa makomandi a SCPI poyendetsa multimeter ndi kompyuta: malire ake ali pati?

Mpimi analemba kuti:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito yoyendetsa zipangizo zoyezera kudzera pa kompyuta. Ndili ndi multimeter (chipangizo choyezera magetsi) ya pa benchi yolumikizidwa ndi chingwe cha RS-232 pa liwiro la 9600 baud, ndipo pambali pake pali power supply (chipangizo chopereka magetsi) imene ndimailamula kudzera pa LAN. Zonse ziwiri zimamva makomandi a SCPI, chilankhulo chokhazikika cholamulira zipangizo zoyezera. Pulogalamu yanga, imene ndailemba mu Python ndi PyVISA, imakweza voltage pang'onopang'ono ndi kutenga muyeso pa sitepe iliyonse, koma ikuyenda mochedwa kwambiri, moti ndaganiza zofupikitsa makomandi kuti zilembo zodutsa m'chingwe zichepe.

M'buku la chipangizo komandi yoyezera yalembedwa kuti MEASure:VOLTage:DC?, zilembo zina zazikulu, zina zazing'ono. Ndikatumiza MEASURE:VOLTAGE:DC? chipangizo chimayankha, ndikatumiza MEAS:VOLT:DC? chimayankhanso, koma ndikatumiza MEA:VOL:DC? kapena MEASU:VOLTA:DC? chimangokhala chete mpaka nthawi yodikira yankho itatha. Chikundidabwitsanso ndi chakuti m'buku la power supply mawu ena afupikitsidwa ndi zilembo zinayi, monga VOLT ndi CURR, pamene ena ali ndi zitatu zokha, monga POW ndi LEV. Ndiponso ndikaphatikiza makomandi awiri mu mzere umodzi, VOLT 5;PROT 6 (yoyamba yoika voltage, inayo yoika malire oteteza kuti voltage isapitirire), yachiwiri ikukanidwa, ngakhale kuti VOLT 5 payokha imagwira bwinobwino.

Kodi pali lamulo lodziwika la kafupikitsidwe kameneka, ndipo munthu angafupikitse mpaka pati chipangizo chisanakane? Nanga ndikafupikitsa zonse moyenera, kodi pulogalamu ifulumiradi?

Wamawaya analemba kuti:

A Mpimi, funso lanu loyamba lili ndi yankho lokhazikika, chifukwa kafupikitsidwe kameneka sikanasiyidwe m'manja mwa wolemba pulogalamu. SCPI inatuluka mu 1990, yomangidwa pamwamba pa muyezo wa IEEE 488.2 wa mu 1987, ndipo mtundu umene zipangizo zambiri zikutsatira mpaka lero ndi wa mu 1999, umene tsopano uli m'manja mwa bungwe la IVI Foundation. Isanabwere SCPI, zipangizo zolumikizidwa ndi chingwe cha GPIB zinkalandira timakodi tatifupi kwambiri monga F1 kapena R2, ndipo tanthauzo lake linkasintha kuchoka pa chipangizo china kufika pa chinzake, moti pulogalamu sinkawerengeka popanda kutsegula buku. Amene anakonza SCPI anasiya dala kufupika koteroko, ndipo analola kuti liwu lililonse la komandi likhale ndi maonekedwe awiri okha, lalitali ndi lalifupi. Palibe lachitatu.

Zilembo zazikulu zimene mukuona m'buku ndizo liwu lalifupi, ndipo zazikulu pamodzi ndi zazing'ono ndizo liwu lalitali. MEASure ikukuuzani kuti mutumize MEAS kapena MEASURE, koma MEA yaperewera ndipo MEASU yatsalira pakati, n'chifukwa chake zonse ziwiri zikukanidwa. Kusiyana kwa zilembo zazikulu ndi zazing'ono kuli ndi ntchito m'buku mokha. Potumiza, chipangizo sichisiyanitsa, kotero meas:volt:dc? ndi MEAS:VOLT:DC? ndi komandi imodzi. Mukhozanso kusakaniza, liwu lina lalitali lina lalifupi, monga MEAS:VOLTAGE:DC?, chifukwa liwu lililonse limaweruzidwa palokha.

Za zilembo zinayi ndi zitatu, lamulo lake ndi lakuti liwu lalifupi limatenga zilembo zinayi zoyambirira, koma ngati chilembo chachinayi ndi lembo la liwu, kutanthauza a, e, i, o kapena u, chimenecho chimachotsedwa ndipo zimatsala zitatu. Choncho VOLTage, CURRent, FREQuency ndi TRIGger zimakhala VOLT, CURR, FREQ ndi TRIG, pamene POWer, LEVel, DELay ndi RESistance zimakhala POW, LEV, DEL ndi RES. Liwu limene lonse lathunthu siliposa zilembo zinayi silifupikitsidwa konse, ngakhale lithere ndi lembo la liwu, ndipo ndicho chifukwa chake AUTO ndi DATA zimalembedwa momwemo. Liwu likachokera ku mawu angapo, amatenga chilembo choyamba cha lililonse ndi kuwonjezera liwu lomaliza lathunthu, monga NPLCycles, yochokera ku Number of Power Line Cycles, imene chifupi chake ndi NPLC. Liwu lalitali lilinso ndi malire ake, siliposa zilembo 12. Lamulo limeneli ndi lothandiza pokumbukira, koma ine sindimalidalira kuposa buku, pakuti opanga zipangizo amawonjezera mawu awoawo amene sanalembedwe mu muyezo, ndipo pa mawu amenewo zilembo zazikulu za m'buku ndizo zimagamula.

Kukhala chete kwa chipangizo kuja si kuwonongeka ayi. Chikalandira komandi imene sichikuidziwa, sichibweza kanthu pa chingwe, koma chimasunga cholakwikacho pa mndandanda wake wamkati, pamene pulogalamu yanu ikudikira yankho limene silibwera. Tumizani SYST:ERR? ndipo mudzalandira nambala ya -113 pamodzi ndi mawu akuti Undefined header. Pitirizani kufunsa mpaka chiyankhe nambala ya 0, chifukwa mndandandawo umatulutsa cholakwika chakale poyamba, ndipo mukafunsa kamodzi kokha mukhoza kuwerenga cha komandi ina ya m'mbuyo n'kuyamba kufufuza pamalo polakwika. Komandi ya *CLS imafufuta mndandanda wonse, ndipo ndi bwino kuyamba nayo pulogalamu.

Pali kufupikitsa kwina kumene kumachotsa zilembo zambiri kuposa kudula mawu. M'buku mudzaona mawu ena atatsekeredwa m'mabulaketi angodya, ndipo amenewo mukhoza kuwasiyiratu. Pa power supply zambiri komandi yathunthu yoika voltage ndi SOURce:VOLTage:LEVel:IMMediate:AMPLitude 5, koma SOURce, LEVel, IMMediate ndi AMPLitude ali m'mabulaketi, moti VOLT 5 imachita ntchito yomweyo. Pa multimeter liwu la SENSe kawirikawiri limakhalanso losiyika. Manambala omatidwa kumapeto kwa liwu nawonso ali ndi lamulo lawo: mukasiya nambala, chipangizo chimatenga 1, kotero OUTP ndi OUTP1 n'zofanana, koma pa malo achiwiri otulutsira magetsi nambala 2 iyenera kulembedwa, monga OUTP2, liwu likhale lalitali kapena lalifupi. Mawu otsatira komandi monga MINimum, MAXimum, DEFault ndi EXTernal amafupikitsidwa ndi lamulo lomwe lija. Makomandi oyamba ndi nyenyezi, monga *RST, *IDN? ndi *OPC?, ndi a IEEE 488.2 ndipo alibe chifupi china.

Mlondazida analemba kuti:

Zimene afotokoza a Wamawaya n'zoona, ndipo ine ndingotengapo mbali ya VOLT 5;PROT 6, chifukwa apa ndi pamene njira ziwiri zofupikitsira zimawombana.

Makomandi a SCPI anayalidwa ngati mtengo wokhala ndi tsinde ndi nthambi, ndipo koloni iliyonse imakukwezani pa nthambi yotsatira. Mukaika semikoloni ndi kupitiriza mu mzere womwewo, chipangizo sichibwerera ku tsinde, koma chimakhalabe pa nthambi imene munali pomwe munalemba koloni yomaliza, ndipo chimafunafuna liwu lotsatira pamenepo. Mukalemba VOLT:LEV 5;PROT 6, koloni yomaliza yakusiyani pansi pa VOLT, choncho PROT ikumveka kuti ndi VOLT:PROT ndipo ikulandiridwa. Mukachotsa LEV chifukwa chakuti ndi liwu losiyika, mzere wanu ulibenso koloni, chipangizo chikadali pa tsinde, ndipo chikufuna komandi yotchedwa PROT pa tsinde pomwepo, imene kulibe. Mwafupikitsa komandi yoyamba moyenera ndithu, koma potero mwachotsa njira imene yachiwiri imadalira. Lembani VOLT:LEV 5;PROT 6, kapena VOLT 5;VOLT:PROT 6, ndipo zonse ziwiri zidzagwira.

Mukafuna kuchoka pa nthambi ina kupita pa ina yosiyana nayo, ikani koloni pambuyo pa semikoloni kuti mubwerere ku tsinde. Pa multimeter, TRIG:SOUR BUS;COUN 10 imaika gwero la trigger (chizindikiro choyambitsa muyeso) ndi chiwerengero chake, chifukwa COUN ili pansi pa TRIG. Koma ngati mumafuna chiwerengero cha miyeso, muyenera kulemba TRIG:SOUR BUS;:SAMP:COUN 10. Chitsanzo chimenechi chimandiopsa kuposa cha PROT, pakuti COUNt imapezeka pansi pa TRIGger ndi pansi pa SAMPle pomwe, ndipo munthu amene walemba COUN 10 pa nthambi imene sanaifune salandira cholakwika chilichonse. Chipangizo chimamvera mwakachetechete, koma chachita china. Makomandi a nyenyezi sasuntha malo amene muli pa mtengo, kotero mukhoza kuwalowetsa pakati pa mzere popanda kusokoneza njira, ndipo mzere ukatha ndi chizindikiro chomalizira, chipangizo chimabwerera ku tsinde chokha.

Chizolowezi changa ndi kuyamba komandi iliyonse yotsatira semikoloni ndi koloni ndi kulemba njira yake yonse. Zilembo zimachuluka pang'ono, koma mzere wotere sumasweka munthu wina akadzasinthanitsa makomandi kapena kuchotsapo imodzi.

Kawerengera analemba kuti:

A Mpimi, anzanga ayankha bwino za malamulo, koma funso lanu lomaliza ndi limene lili ndi vuto lanu lenileni, ndipo yankho lake ndi lakuti kufupikitsa mawu sikudzakupatsani liwiro limene mukufuna. Tiyeni tiwerenge.

Pa 9600 baud, ngati mwaika mabiti 8 a deta, popanda parity, ndi biti imodzi yoimira, chilembo chilichonse chimatenga mabiti 10 mukaphatikiza biti yoyambira. Zimenezi zikupereka zilembo 960 pa sekondi, kapena milisekondi imodzi ndi kakang'ono pa chilembo. MEASURE:VOLTAGE:DC? ili ndi zilembo 19, MEAS:VOLT:DC? ili ndi 13, kotero mwapulumutsa zilembo 6, zimene ndi mamilisekondi pafupifupi 6. Yankho lochokera ku chipangizo, monga +1.23456789E+00, lili ndi zilembo 15 musanawerengere zomalizira mzere, ndipo limenelo silifupika ngakhale komandi yanu ifupike chotani.

Tsopano taonani zimene multimeter ikuchita pakati pa komandi ndi yankho. Ma multimeter ambiri a pa benchi, akabwezeredwa pa makonzedwe oyambira, amayeza voltage ya DC kwa nthawi yokwana maulendo 10 a magetsi a pa soketi, ndipo ndiko kutanthauza kwa NPLC 10. Kumene magetsi ali a 50 Hz ulendo umodzi ndi mamilisekondi 20, choncho muyeso umodzi ndi mamilisekondi 200, ndipo kumene ali a 60 Hz ndi pafupifupi 167. Ngati autozero ili yoyatsa, chipangizo chimayezanso ziro wake wamkati pambuyo pa muyeso uliwonse, zimene zimawirikiza nthawiyo pafupifupi kawiri. Onjezanipo nthawi imene chipangizo chimafufuza chokha range (malire a kukula kwa muyeso), ndi kanthawi kodikira kamene chipangizo chimaika chisanayambe kuyeza. Mamilisekondi 6 mwa 400 sakukwana ndi 2 peresenti yomwe, ndipo simudzawaona n'komwe.

Choyenera kusintha ndi komandi yeniyeniyo, osati kalembedwe kake. MEAS? ndi makomandi angapo omangidwa pamodzi: imakonza chipangizo monga imachitira CONF, kenako imayambitsa muyeso ndi kutenga zotsatira monga imachitira READ?. Mukaiika mkati mwa lupu (gawo la pulogalamu lobwerezabwereza), chipangizo chikukonzedwa mwatsopano pa sitepe iliyonse, ndipo choipa kwambiri n'chakuti makonzedwe amene munaika kale, monga NPLC yocheperako, amafufutika ndi kubwerera ku oyambira. Anthu ambiri amatumiza VOLT:DC:NPLC 1, kenako MEAS:VOLT:DC?, n'kumadabwa kuti liwiro silinasinthe. Tumizani CONF:VOLT:DC 10 kamodzi, lupu isanayambe, kuti range ikhazikike pa 10 V, kenako VOLT:DC:NPLC 1, mwa dongosolo limenelo chifukwa CONF nayonso imabwezeretsa NPLC, ndipo mkati mwa lupu muzitumiza READ? yokha. Muonanso kuti READ? ili ndi zilembo 5, kutanthauza kuti ndi yaifupi kuposa chifupi chilichonse cha MEAS:VOLT:DC?.

Kutsitsa NPLC kuli ndi mtengo wake umene muyenera kuulingalira bwino. Chifukwa chimene nthawi yoyezera imawerengedwera ndi maulendo a magetsi n'chakuti phokoso lochokera ku magetsi a pa soketi limadzifafaniza lokha mukayeza kwa ulendo wathunthu kapena maulendo angapo athunthu. Pa NPLC 1 chitetezo chimenechi chikadalipo, ngakhale manambala omalizira adzagwedezeka kuposa pa NPLC 10. Mukatsika pansi pa 1, monga 0.2 kapena 0.02, chitetezocho chimatha, ndipo pa ma voltage ang'onoang'ono mudzaona phokosolo m'miyeso yanu. Autozero mukhoza kuizimitsa kapena kuilamula kuti ichitike kamodzi kokha ngati chipangizo chatenthera kale ndipo ntchito yonse ndi yaifupi, koma pa ntchito ya maola ambiri ziro amasuntha ndi kutentha, ndipo ine ndimaisiya yoyatsa. Dzina la komandi ya autozero limasiyana pa zipangizo, choncho muliyang'ane m'buku lanu.

Ngati pa sitepe imodzi mukufuna miyeso yambiri, musafunse umodziumodzi. Ikani SAMP:COUN pa chiwerengero chimene mukufuna, tumizani INIT, ndipo mutenge yonse pamodzi ndi FETC?. Pa zipangizo zimene zili ndi komandi ya FORMat, mukhoza kupempha deta ya binary m'malo mwa zilembo, ndipo ndi FORM REAL,64 muyeso umodzi umatenga mabayiti 8 m'malo mwa 16. Si multimeter iliyonse imene ili ndi mwayi umenewu. Ngati chipangizo chanu chimalola liwiro loposa 9600, likwezeninso, pakuti pa 115200 baud zilembo 6 zija zimatsika kufika pa theka la milisekondi.

Ku mbali ya power supply ya pa LAN, kutalika kwa mawu kulibe kanthu konse, chifukwa komandi ya zilembo 13 ndi ya zilembo 40 zonse zimakwana mu paketi imodzi. Chimene chimadya nthawi kumeneko ndi kuchuluka kwa maulendo opita ndi kubwera pakati pa kompyuta ndi chipangizo, ndipo apa ndi pamene semikoloni imene afotokoza a Mlondazida imapindulitsadi, popeza makomandi atatu amapita ulendo umodzi. Ngati mwalumikiza ndi soketi wamba ya pa netiweki (TCP), imene pa zipangizo zambiri ili pa port 5025, onaninso ngati TCP_NODELAY yayatsidwa, chifukwa popanda iyo kompyuta ikhoza kusunga timauthenga tating'onoting'ono kwa kanthawi isanatumize. Koma musanasinthe chilichonse, yezani nthawi ya mzere uliwonse wa pulogalamu ndi time.perf_counter, kuti mudziwe pamene nthawi ikupita. Si zachilendo kupeza kuti gawo lalikulu likuthera pa sleep imene inaikidwa podikira kuti voltage ikhazikike.

Mpimi analemba kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. SYST:ERR? yabwezadi -113 pa MEA:VOL:DC? ndi pa VOLT 5;PROT 6, ndipo VOLT:LEV 5;PROT 6 yalandiridwa. Nditasamutsa CONF kupita kunja kwa lupu, n'kuika NPLC 1 ndi READ?, pulogalamu yafulumira moonekeratu, ndipo manambala akadali okhazikika mokwanira pa ntchito imene ndikuchita.

Zatsala ziwiri. Choyamba, pulogalamu imeneyi idzagwiritsidwa ntchito ndi anzanga, ndipo ena adzaisintha m'tsogolo. Popeza liwiro silidalira kutalika kwa mawu, kodi ndi bwino kulemba mawu athunthu kapena achidule? Chachiwiri, ndimafuna kuti pulogalamu izitsimikiza kuti makonzedwe alowadi, choncho imatumiza TRIG:SOUR IMMEDIATE, kenako imafunsa TRIG:SOUR? ndi kuyerekeza yankho ndi zimene inatumiza, koma chipangizo chikubweza IMM ndipo kuyerekezako kukulephera.

Wamawaya analemba kuti:

Zimene mwaonazo ndi mmene muyezo unakonzera. Chipangizo chimalandira maonekedwe onse awiri, koma poyankha chimagwiritsa ntchito liwu lalifupi la zilembo zazikulu, mosasamala kanthu za mmene inu munalembera. IEEE 488.2 inakhazikitsa mfundo yakuti chipangizo chikhale chololera pomvetsera koma cholunjika polankhula, kuti pulogalamu yowerenga yankho isamayembekezere maonekedwe ambirimbiri. Zomwezo zimachitika ndi ON ndi OFF, amene amabwera ngati 1 ndi 0, ndiponso ndi manambala, moti mukatumiza 10 mukhoza kulandira +1.00000000E+01. Manambala muziwasandutsa float musanayerekeze, ndipo muzilola kusiyana kwakung'ono, chifukwa chipangizo chimazunguliza nambala kufika pa imene chingathe kuikadi. Pa multimeter, mukapempha range imene kulibe, chimasankha yapamwamba yotsatira, ndipo yankho lake lidzakhala limenelo, osati lanu.

Pa funso la kalembedwe, ine ndimasankha mawu achidule paliponse, ndipo chifukwa changa chachikulu ndi chimene mwakumana nachochi. Zimene mwatumiza ndi zimene zabwera zimaoneka mofanana, ndipo mukamafufuza m'kaundula wa mauthenga onse odutsa pa chingwe, liwu limodzi limapeza mbali zonse ziwiri. Munthu aliyense amene wagwirapo zipangizo zimenezi amawerenga TRIG:SOUR ndi SYST:ERR? mosavutika, ndipo zitsanzo za m'mabuku ambiri zinalembedwa motero.

Ndikuchenjezeni za kufupikitsa kumodzi kumene sindikulimbikitsa, kwa manambala pogwiritsa ntchito zilembo za mayunitsi. Popeza chipangizo sichisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, sichingadziwe kuti m ndi mili pamene M ndi mega, choncho IEEE 488.2 inagamula kuti M ndi mili ndipo mega amalembedwa MA. Pali zopatulapo ziwiri, MHZ imene ndi megahertz ndi MOHM imene ndi megaohm, ndipo pa komandi ya current MA imamveka kuti ndi milliampere. Munthu amene walemba 1MV poganiza za mega wapempha gawo limodzi mwa magawo 1000 a volt. Lembani 1E6 kapena 1E-3, zimene ndi zazifupi komanso sizimveka pawiri.

Kawerengera analemba kuti:

Pa nkhani ya mayunitsi ndikugwirizana ndi a Wamawaya kotheratu, koma pa kalembedwe ndikusiyana nawo, ndipo ndikupempha kuti a Mpimi amve mbali inayo asanasankhe.

Pulogalamu imalembedwa kamodzi koma imawerengedwa kambirimbiri, kawirikawiri ndi munthu amene sanazolowere zipangizozo, ndipo mawu achidule ena amabisa kusiyana kofunika. STAT ndi chifupi cha STATe komanso cha STATus, ndipo mumadziwa limene likunenedwa poyang'ana malo ake pa mtengo basi. CALC ndi CALCulate, imene imachita masamu pa miyeso, pamene CAL ndi CALibration, imene imakhudza manambala osungidwa oonetsetsa kuti chipangizo chikuyeza zoona. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, ndipo ngakhale zipangizo zambiri zimatseka mbali ya CAL ndi nambala yachinsinsi, sindifuna kuti diso la wowerenga lizidalira chilembo chimodzi pa nkhani yotere. Ine ndimalemba monga mmene buku lalembera, CALCulate:AVERage, zilembo zazikulu ndi zazing'ono zosakanikirana. Chipangizo chimalandira, wowerenga amaona liwu lathunthu pamodzi ndi chifupi chake, ndipo akafuna kulifufuza m'buku amalipeza mmene lilili.

Chifukwa china ndi chakuti si chipangizo chilichonse cholandira makomandi ooneka ngati a SCPI chimene chimatsatira lamulo la zilembo zinayi. Ma oscilloscope ambiri a Tektronix ali ndi makomandi awoawo ofanana ndi SCPI m'maonekedwe, ndipo zilembo zazikulu m'mabuku awo zimaonetsa chifupi chochepetsetsa chimene chingalandiridwe. Mabuku omwewo amalangiza kulemba mawu athunthu pa pulogalamu imene ikufunika kukhalitsa, chifukwa mafupikitsidwe akhoza kusintha pa mitundu yatsopano ya zipangizo. Izi n'zomveka, pakuti komandi yatsopano ikawonjezedwa yoyamba ndi zilembo zofanana ndi yakale, chifupi chakale chimayamba kumveka pawiri ndipo chiyenera kutalikitsidwa, pamene liwu lathunthu silikhudzidwa. Ma oscilloscope amenewo alinso ndi makomandi a HEADer ndi VERBose osankhira mmene yankho lionekere, choncho mfundo yakuti yankho limabwera lalifupi nthawi zonse imagwira pa zipangizo zotsatira SCPI mokwanira, osati pa zonse.

Vuto la kuyerekeza limathetsedwa pamalo amodzi mu pulogalamu. Lembani kachigawo kakang'ono kamene kamalandira liwu lolembedwa monga m'buku, mwachitsanzo IMMediate, n'kuchotsa zilembo zazing'ono kuti katsale ndi IMM, ndipo muyerekeze yankho ndi chimenecho. Mukatero pulogalamu yonse imakhala yowerengeka, ndipo kutsimikiza kumagwirabe.

Mlondazida analemba kuti:

Njira zonse ziwiri zimagwira, ndipo ine ndaona mapulogalamu abwino olembedwa mwa iliyonse, bola musasakanize popanda dongosolo. Ngati anzanu adzakhala anthu ongoyamba kumene, ndingatsamire ku mbali ya a Kawerengera.

Koma popeza multimeter yanu ili pa RS-232, pali malire ena a kuphatikiza makomandi amene sitinawatchule. GPIB, USB ndi LAN zili ndi njira yake yoimitsira wotumiza chipangizo chikadzaza, pamene RS-232 imachita zimenezo pokhapokha flow control itayatsidwa mbali zonse ziwiri ndipo chingwe chili ndi mawaya ake. Popanda iyo, mzere wautali wa makomandi ambiri ukhoza kusefukira m'malo osungira a chipangizo, zilembo zina n'kutayika, ndipo mudzapeza -363 pa mndandanda wa zolakwika kapena -113 pa komandi imene munailemba bwinobwino. Pa chingwe chimenecho tumizani makomandi okonzera m'mizere yaifupi, ndipo pambuyo pa komandi yotenga nthawi, monga *RST yobwezera chipangizo pa makonzedwe oyambira, funsani *OPC? ndi kudikira kuti 1 abwere musanapitirize. Pa power supply, dziwani kuti *OPC? ikuuzani kuti chipangizo chamaliza kuchita komandi, koma sizitanthauza nthawi zonse kuti voltage yafika ndi kukhazikika pa katundu amene mwalumikiza, kotero kanthawi kodikira musanayeze musakachotseretu.

Samalaninso ndi mafunso. Mukatumiza komandi yokhala ndi mfunsiro, werengani yankho lake musanatumize uthenga wina, apo ayi chipangizo chikhoza kutaya yankholo ndi kulemba -410. Mafunso awiri mu mzere umodzi, monga VOLT?;CURR?, amabweza yankho limodzi logawidwa ndi semikoloni, ndipo pulogalamu iyenera kuwerenga kamodzi ndi kuligawa yokha, chifukwa ikawerenga kawiri idzadikira pachabe. Ngati *IDN?, yofunsa dzina la chipangizo, ili mu mzere wa mafunso angapo, iikeni kumapeto, pakuti yankho lake lilibe utali wodziwikiratu ndipo funso lina lotsatira pambuyo pake limabweretsa -440. Mawu otsekeredwa m'zizindikiro zogwira mawu, monga uthenga wa DISP:TEXT kapena dzina la fayilo, safupikitsidwa ndi lamulo lililonse ndipo muwatumize monga mukufunira kuti aoneke.

Pa nthawi imene mukukonza pulogalamu, ikani SYST:ERR? pambuyo pa komandi iliyonse yokonzera, kuti cholakwika chizigwidwa pa mzere umene chachitikira. Zonse zikayenda bwino, muchotse funsolo mkati mwa lupu, chifukwa pa 9600 baud funso limenelo ndi yankho lake zimadya mamilisekondi oposa 20 pa sitepe iliyonse, ndipo mulisiye kamodzi pambuyo pa makonzedwe ndi kamodzi lupu ikatha.